Mbewa Zochedwa za Sravanthi

Inu amene mwatopa ndi kuyesa, imvani za Sravanthi.

Mwana wake anakhala ndi moyo masiku khumi ndi awiri okha. Anabadwa ndi bowo pamtima. Maliro atatha, apongozi ake anamuponyera sutikesi pabwalo. "Mimba yako ndi yatsoka. Bwerera kwanu ku Warangal."

Sanabwerere. Anatsalira mumzinda wa Hyderabad momwemo, kuno ku India, n'kupeza ntchito yotsuka makola a mbewa mu labotale yathu. Mayeso a kusekondale a kalasi 10 anali atalephera kawiri.

Ife tinkafufuza jini ina, kachilangizo ka m'thupi kamene tinkaganiza kuti kamathandiza kuumba mtima. Mbewa zathu tinazikonza mwakuti jiniyo ikadzuka m'mluza, malowo azisanduka abuluu tikathira mankhwala. Mabuku ankati mluza uzionedwa tsiku lachisanu ndi chinayi mbewa itatenga bere. Tinatero kwa zaka ziwiri. Buluu sanaoneke.

Akuluakulu analamula kuti mwezi ukatha, mbewa zonse za mtunduwo ziphedwe, kafukufuku atsekedwe. Woyang'anira ntchitoyo ndinali ine. Mkazi wanga anali atangomwalira, ndipo sindinatsutse.

M'mawa wina Sravanthi anaima pakhomo la ofesi, tsache lili m'manja.

"Bwana, mbewa zanuzi n'zochedwa. Zinzake zikaswa lero, izi zimaswa mawa lake. Nthawi zonse."

Praneeth, wophunzira wanga, anaseka. "Achemwali, tsache lasanduka digiri liti? Katiphikireni tiyi uko."

"Seka, mwanawe. Iwe umawerenga buku, ine ndimawerenga masiku. Mayi amene anaikapo mwana m'manda sasokoneza masiku."



Tinadikira tsiku limodzi. Pa tsiku lakhumi tinaika mluza, kanthu kochepa ngati njere ya mpunga, pansi pa maikulosikopu. Pamtima penipeni panali kadontho ka buluu.

Ndinamuitana Sravanthi kuti adzaone. Anayang'ana nthawi yaitali, osaphethira.

"Mwa mwana wanga, n'kameneka kamene sikanadzuke?"

"Sitikudziwa," ndinatero, pakuti sitinkadziwadi.

"Ndiye musaziphe. Tifufuzebe." Anatola tsache lake n'kubwerera kumakola.

Mbewazo sizinaphedwe. Sravanthi analembanso mayeso aja kachitatu, n'kukhoza. Digiri anailandira ali ndi zaka 41, imvi zitayamba. Lero wophunzira aliyense watsopano amayamba wadutsa m'manja mwake, ndipo phunziro loyamba ndi kuwerenga masiku a mbewa imene ili patsogolo pako, osati ya m'buku.

Sravanthi sanaberekenso mwana wina. Funso lake lija sitinaliyankhebe. Chaka chilichonse, mwezi wa Ogasiti, amapempha tchuthi cha masiku khumi ndi awiri, ndipo sitimufunsa chifukwa chake.

Inu amene mwayang'ana zaka zambiri osaona kanthu, musataye mtima. Mwina simunalephere ayi. Mwangoyang'ana kutatsala tsiku limodzi. Mawa mukayang'anenso.