Za Munthu Amene Anatseka Pakamwa Makina Odwala

Owerenga olemekezeka,

Ndi ulemu wonse ndikupereka pamaso panu nkhani imene inandigwera Lolemba lapitali ku Matero, ndipo ndikupempha kuti muiwerenge kufikira kumapeto musanaweruze.

Pafupi ndi msika pali situdiyo yojambula zithunzi ya Ba Chanda, mayi amene ajambula maukwati ndi maliro a dera lino kwa zaka zambiri. Zithunzi zawo zonse zimasungidwa m'makina okhala ndi madisiki anayi, amene ndinawaikira ine mwini. Madisikiwo ali ndi kapitawo wawo wotchedwa kontirola. Iye amagawa katundu mwanjira yakuti disiki imodzi ikafa, atatu otsalawo amasenza mtolo wake kufikira mutaikapo yatsopano. Awiri akafa, mtolo wagwa pansi.

Kontirolayu salankhula ndi munthu kudzera m'tizithunzi todina ndi mausi. Umakhala pa sikirini yakuda ndi kulemba lamulo, iye n'kukuyankha m'malemba. Ndimamulemekeza chifukwa cha khalidwe limeneli. Sanyengerera munthu, ndipo chilichonse chochitika amachilemba m'kaundula wake, tsiku ndi ola lomwe. Disiki ikafa amaliza belu. Belulo ndi lonyansa m'makutu, ndipo analipanga dala kotero.

Tsono Lolemba m'mawa Ba Chanda anandiimbira foni. "Ba Zulu, bwelani manje manje! Vinthu vonse vasoba, na customer ali pano."

Kasitomalayo anali Amai Tembo a ku Kanyama, amene amuna awo anamwalira chaka chatha. Loweruka likubwerali avundukula mwala pamanda, ndipo wosema mwala akudikira chithunzi choti aikepo. Zithunzi za m'nyumba mwawo zinaonongeka ndi madzi osefukira a dzinja. Chinatsala chimodzi chokha, cha pa ukwati wa mwana wawo, bamboyo atavala suti, akuseka. Chithunzicho chinali m'makinamo.

Nditafika ku situdiyoko ndinakhala pansi ndi kulemba lamulo lofunsa za umoyo wa madisiki. Yankho linabwera lopanda chifundo: awiri agwa. Nditatsegula kaundula ndinapeza kuti yachiwiri inagwa m'mawa womwewo, koma yoyamba inafa masabata asanu ndi awiri apitawo. Mzere wotsatira unanena kuti tsiku lomwelo belu linazimitsidwa ndi lamulo lolembedwa ndi munthu.

Ndinafunsa kuti analemba lamulolo ndani.

Anayankha ndi Ba Kelvin, mlongo wawo wa Ba Chanda, bambo wa ana atatu amene amagulitsa mafoni pakhomo pa situdiyoyo. Anayankha monyada ngati munthu woitanidwa kudzalandira mphotho.

"Ni ine, mudala. Chenze kupanga chongo maningi, ma customer benze kudandaula. Ninasakila command pa foni, two minutes chabe, zii! Chapola."

Ba Chanda anagwira pakamwa. "Ninamugulila na drink, Ba Zulu. Ninakamba ati uyu ndiye engineer, osati baja bamudala ba ma lecture."

Mudala wa malekichayo ndine. Ndalandira dzinalo, ndipo ndikupitiriza.

Ba Kelvin sanathere pomwepo. Anandionetsa foni yawo nati, "Pali inangu apa, ati ipanga vonse new. Tiyese?" Nditaliwerenga ndinaona kuti linali lamulo lofufuta madisiki onse anayi kuti ayambe moyo watsopano ali opanda kanthu. Ndinawapempha mwaulemu kuti aike manja awo m'matumba ndi kuwasiya momwemo.

Owerenga olemekezeka, mfundo yanga ndi iyi. Ba Kelvin sanalakwitse chilembo ngakhale chimodzi. Lamulo lawo linali lolondola, ndipo kontirola anawamvera monga amamvera aliyense. Lamulolo lilipo kuti munthu apumitse makutu pamene akupita kukatenga disiki yatsopano. Iwo anapumitsa makutu n'kukhala pansi. Cholakwa chinali m'mutu, mmene muli chikhulupiriro chakuti phokoso likatha matenda athanso.

Kodi chikhulupiriro chimenechi ndi cha Ba Kelvin okha?

Kwerani minibasi iliyonse yochokera ku komboni ya George, mukhale pampando wakutsogolo. Pamene payenera kuoneka nyali yofiira yochenjeza za injini mupezapo kapepala ka vesi la m'Baibulo komatidwa bwino lomwe. Dalaivala saonanso nyaliyo, choncho injini yachira.

Dzino likabooka timameza mapiritsi oletsa ululu mwezi wathunthu, n'kumadabwa tsaya litatupa ngati bani. Khoma la chimbudzi likang'ambika timalipaka laimu. M'komiti ya madzi, munthu akafunsa kawiri chifukwa chake pampu ikulira mwachilendo, timamuchotsa m'gulu la pa foni, ndipo mlembi amalemba kuti msonkhano unatha mwamtendere.

Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Ife mnansi wotere timamutcha wansanje.

Tadzaza makomboni ndi akatswiri a bata. Sadziwa kumene nthenda yagona, sanawerengepo kaundula wa makina alionse, koma batani lozimitsa belu amalipeza msanga kuposa amene anapanga makinawo. Ndipo ndife amene timawagulira chakumwa. Munthu wonena kuti tsekani ntchito theka la tsiku, gulani disiki, dikirani kuti kontirola amangenso zimene zinagwa, ameneyo timati ndi wovuta.

Ndibwerere ku situdiyo. Popeza disiki imene inagwa m'mawa inali ikupumabe, ndinalamula kontirola kuti aidzutse mokakamiza. Inadzuka motsimphina. Kuyambira masana kufikira dzuwa litapendeka tinakopera zithunzi kupita ku disiki ina yapadera, Amai Tembo ali pabenchi, chikwama chili pamiyendo. Zambiri zinapulumuka. Koma disikiyo inali itasenza mtolo wa inzake masabata asanu ndi awiri, ndipo mbali zina zinali zitaperepeseka.

Tinatsegula chithunzi cha Bambo Tembo. Kumwamba kunaoneka denga la holo ndi mabaluni. Kuchokera pamenepo kutsika pansi panali kutuwa kokhakokha ngati phulusa.

Ndinayesa njira zonse zimene ndikuzidziwa. Ndikuvomera pamaso panu kuti ndinalephera.

Amai Tembo sanakalipire munthu. Anatsegula chikwama chawo natulutsa reji ya amuna awo, chitupa cha boma chija chimene munthu amatenga akadali mnyamata wa pasukulu. Anaipereka kwa Ba Chanda kuti aikulitse, anaiyang'ana kanthawi, kenaka anati:

"Uyu mwana sinimuziba. Ine ninakwatiliwa na mwamuna wa ndevu."

Ba Kelvin anali atatuluka kale, akuti kunabwera wogula foni.

Choncho Loweruka nsalu idzachotsedwa pamwala, ndipo padzaoneka nkhope ya mnyamata amene mkazi wake sanakumane naye. Adzukulu akadzaloza ndi kufunsa kuti ameneyu ndani, kodi ndani mwa ife okonda bata adzaimirire kuwayankha?

Ine wanu wodandaula,
L. Zulu, Matero.