Mowa wa Mpunga ku Coventry

Tsiku limene tinapita ku Coventry kukakana ukwati wa mwana wathu, galimoto ndinayendetsa ndine, chifukwa amuna anga ankafuna kuyeserera mawu awo m'njira.

Mwana tili naye mmodzi yekha, wamkazi, wobadwira konkuno ku Wolverhampton. Chichewa amamva chonse, koma amayankha m'Chingerezi. Anapeza mnyamata wa ku Japan, injiniya pa kampani ina ya magalimoto, ndipo kontirakiti ya mnyamatayo inali pafupi kutha. Ankafuna kumukwatira n'kupita naye kwawo. Mwana anatiuza poyera kuti popanda chilolezo cha bambo ake sapita. Bambo ake anati, "Ndiye sapitadi." Ine ndinkangoti, "Aa, abambo, musaume mtima chonchi," koma kumtima ndikuvina. Amuna anga ndi mkulu wa mpingo, akati ayi ndi ayi. Ntchito yokana inali m'manja abwino, ine yanga inali yooneka mayi wachifundo.

Kumudzi nkhani zotere amakamba ankhoswe, makolo ali phee kunyumba. Koma amalume ake a mwana ali ku Dowa, ndiye tinapita tokha. Mayi ake a mnyamata anali atabwera kuchokera ku Japan, ndipo anatiitanira chakudya chamasana Loweruka. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga ku wodi kuchipatala, n'kukazinga usipa ndi nkhuku ya kambuzi. Kwa eni sitipita chimanjamanja, ngakhale tikukakana.

Tinapeza mayi wochepa thupi, waimvi, woti akakupatsa moni amawerama. Ine ndinapinda maondo, iwo anawerama kwambiri, ine ndinapindanso, mpaka mnyamata uja anatilanditsa potiloza mipando. Patebulo panali timabotolo ndi timakapu tating'ono kwambiri. Mnyamata anafotokoza kuti umenewu ndi sake, mowa wa mpunga, mayi ake anaunyamula okha kuchokera kwawo, ndipo mtundu uliwonse uli ndi chakudya chake. Ine ndinafulumira kunena kuti ndikuyendetsa galimoto, anandipatsa tiyi wobiriwira. Amuna anga, amene mowa sanaulawepo chibatizidwire, anatsegula pakamwa kuti akane. Koma mayi aja anali atafika kale pambali pawo, atagwada, botolo atagwira ndi manja awiri.

Mayi wamkulu, waimvi, wakugwadira! Munthu woleredwa ku Dowa ungatani? Analandira.

Woyamba unali wozizira, woyera ngati madzi, fungo lake ngati nthochi yakupsa. Umenewu amati umayenda ndi nsomba yaiwisi yodula mopyapyala. Amuna anga anayang'ana nsomba, anayang'ana kapu, naona kuti kapu ndiye vuto laling'ono. Anagugudiza kamodzi n'kamodzi, monga timamwera mankhwala owawa, kuti nkhani ithe. Komanso kwathu chimene wakupatsa wamkulu sungachisiye m'kapu, angaganize kuti ukumukayikira. Anaika kapu pansi, mbee, nakonza kukhosi kuti ayambe mawu aja.

Mayi aja anamwetulira n'kudzazanso.

Zimene sitinkadziwa n'zakuti kwawoko kapu yopanda kanthu imatanthauza kuti mlendo akufuna wina. Ukafuna kuti asiye, umasiya wodzaza. Ndiye iwo ankadzaza chifukwa cha ulemu, amuna anga ankamaliza chifukwa cha ulemu, ndipo panalibe wofuna kugonja. Mwana wathu, amene tinamupeza ali kale komweko, ankadziwa zonsezi. Ndinamuyang'ana, iye anali kuyang'ana denga. Mfiti ya mwana!

Wachiwiri anautenthetsa m'madzi otentha, wolasa pakhosi, wopanda shuga. Unayenera kuyenda ndi nsomba yootcha yamchere, koma mayi aja atatsegula kontena yanga n'kuona usipa, anafuula ndi chimwemwe. Kudzera mwa mwana wawo anati kwawonso kuli tinsomba totere. Anatola kamodzi ndi timitengo tawo todyera, anamwera, n'kutsinzina. Amuna anga anayesa chimodzimodzi.

"Mayi," anandiuza m'Chichewa, "usipawu ndaudya moyo wanga wonse, koma lero ndi pamene ndaumva."

"Abambo, mawu aja," ndinanong'ona.

"Afika, afika. Munthu sakana ali ndi chakudya m'kamwa."

Wachitatu unali woyera mbuu, wansenga, wotsekemera. Amuna anga atangouona anati, "Aa, ili ndi thobwa," ngati woti wakumana ndi m'bale wake pa depoti. Mnyamata anati umenewu umagwirizana ndi zatsabola, ndiye tinatsegula nkhuku ya kambuzi. Mayi aja analuma pang'ono, misozi inalengeza, anamwera mwachangu, kenako anaseka n'kulumanso. Ine ndinaviika nsonga ya lilime m'kapu ya amuna anga, kuti ndidziwe chimene chikundiwonongera mlandu. Ndinene zoona, unali wokoma. Tsabola ankayaka, mowawo n'kuzimitsa, n'kusiya kukoma kwa nkhuku kokha. Ndinakwiya nawo kwambiri mowa umenewu.

Apa amuna anga anali atavula jekete. Anafunsa za bambo ake a mnyamata, anamva kuti anamwalira, ndipo mayiwa amakhala okha m'nyumba. Anapukusa mutu kwa nthawi yaitali. Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo. Anasuntha phazi. Mnyamata anawauza kuti kwawo munthu sadzithirira yekha, mnzako ndiye amakuthirira, nawenso umamuthirira. Amuna anga anayang'ana kapu ya mayi aja, naona kuti inali yopanda kanthu, ndipo nthawi yonseyi anali asanawathirirepo n'kamodzi komwe. Manyazi anawagwira. Anaimirira, anatenga botolo ndi manja awiri, nati m'Chichewa, mokweza:

"Pepani, takuchimwirani. Landirani, asewere."

Asewere! Mawu amene timaitanirana makolo ana athu akakwatirana. Mayi aja sanamve kanthu, anangowerama. Koma mwana wathu anamva. Anagwira pakamwa, n'kuthamanga kukawakumbatira bambo ake, mowa n'kutayikira pa malaya a tchalitchi. Ine ndinakhala ndi tiyi wanga wozizira, ndikumwetulira, poti ndine amene ndinkawachonderera kuti asaume mtima.

Mpaka lero amuna anga amakana kuti analedzera. Amati anaona mayi wamasiye wogwadira mlendo, nadziwa kuti kumeneko mwana sakazunzika. Mwina n'zoona. Pobwerera anagona kuyambira Coventry mpaka pakhomo.

Koma chimene chinandipweteka ine si mawu awo oti asewere aja ayi. Tisananyamuke, mayi aja anatembenukira kwa mwana wanga ndi botolo. Mwana ameneyu ndalimbana naye kuyambira ali ku nazale kuti azilandira zinthu ndi manja awiri. Ankanditsomphola mbale ndi dzanja limodzi, maso ali pa foni, n'kumati zimenezo n'zakumudzi. Tsiku limenelo ndinamuona akutsika pampando, akugwada bwinobwino, dzanja lina litagwira kapu, lina litachirikiza pansi, mutu atazolika. Palibe anamuuza. Anali ataphunzira kale, kwa mayi wina, m'nyumba ina, ine ndili ku shifiti.

Ndinapempha kuti andilozere kubafa, ndinatsegula mpopi kuti asandimve ndikulira.