Bungwe Lathu la Maliro Litalowa M'foni

Chinali chaka cha 2023, ine ndili ndi zaka 68. Mkati mwa sabata ndinkasamala maluwa m'nyumba za ku Irene, kuno ku Joni. Lamlungu loyamba la mwezi ndinali wapampando wa bungwe lathu la maliro, lomwe linkakumana pakhomo panga ku Hammanskraal. Ntchito ya bungwelo inali imodzi: Mmalawi akafera ku Joni, mtembo upite kwawo.

Lamulo ndinaika ndine. Chopereka munthu azibwera nacho yekha, pamanja. Kutuma mnzako ayi. Ena ankati ndine wouma mtima poti takisi ndi yodula. Ndinalibe nazo ntchito. Munthu akabwera ndinkamuona. Kolala ikayamba kumukulira m'khosi, ndinkadziwa kuti akudwala. Mayi akakhala kumapeto osaseka, anzake ankamutengera kuseri kwa nyumba. Wosabwera tinkamulondola.

Mwana wanga wamkazi wotsiriza anali pa yunivesite m'tauni, akuphunzira za kakhalidwe ka anthu. Ine sukulu ndinalekera sitandade sikisi, koma iyeyo ndinamufikitsa kumeneko ndi fosholo ndi wilibala. Atapempha kuti alembe za bungwe lathu, ndinati alembe, koma azitsuka makapu ngati wina aliyense. Anatsuka, uku akufunsa mafunso mpaka azimayi anamutcha wapolisi.

Buku lake litatha anabwera ndi nkhani.

"Ababa, ku yunivesite kuli ofesi yoona kuti kafukufuku asamangogona pa shelefu. Akuti wangayu akhoza kusanduka bizinesi."

"Bizinesi ya maliro? Sukulu yonseyi kuti uzigulitsa mabokosi?"

"Eish, Ababa! Ayi. Anthu azilipira pafoni, kampani ya inshuwalansi izinyamula mtembo. Simudzayendanso khomo ndi khomo kupempha zoonjezera."

Apa anandigwira. Tinasungapo bambo wina wa ku Ntcheu m'mochale kwa milungu, mkazi wake akudikira kumudzi, ife thumba litaperewera.

"Nanga zobwera nacho pamanja?"

"Ndinalemba mutu wathunthu wa zimenezo. Ndi umene apulofesa anaukonda kwambiri."

"A kampaniwo?"

Anayang'ana pansi. "Akuti umenewo sungagulitsike."

Ndinalola. Tsiku lokhazikitsa bizinesiyo ndinavala suti. Anandikhazika kutsogolo, mwana wanga akulankhula Chingerezi chosapunthwa, anthu a mataye akugwedeza mitu. Anatipatsa tinyama tobaya pa timitengo. Sindinakhute, koma ndinabwerera kunyumba nditatalika.

Chinthu cha pafonicho chimagwira ntchito, ndisaname. Koma mwezi ndi mwezi mipando inayamba kutsala. Ndikawaimbira anthu athu ankati, "Agogo, talipira kale, tidzatani kumeneko?" Ndinalibe yankho loti n'kukwezera munthu takisi ziwiri.

Panali achimwene ena a ku Thyolo, ogwira ntchito ya m'munda ku Brooklyn, amene ankatitsogolera nyimbo. Nawonso anasiya kubwera. Anadwala chifuwa nyengo yonse yozizira, ali okha m'kachipinda kuseri kwa nyumba ya abwana awo. Anali munthu wosakonda kudandaula. Chopereka chawo chinkangolowa chokha kuchokera kubanki, ndiye palibe anafunsa. Tinamva atamwalira. Mtembo unafika ku Thyolo sabata isanathe, m'bokosi labwino kuposa onse amene ife tinagulapo.

Mwana wanga anabwera tsiku lotsatira, maso atatupa.

"Ndinkadziwa, Ababa. Ndinachita kulemba ndekha m'buku muja."

"Munthu wagona kwawo. Mkazi wake wamuona nkhope. Zimenezo wachita ndiwe. Pukuta maso."

"Koma akanabwera kuno mukanawaona."

"Ndikanawaona."

Mwana wanga sindimunamiza.

Anapita ku kampani kukapempha kuti abwezere lamulo lokumana. Anamuyankha mwaulemu kuti makasitomala sangakakamizidwe. Tsopano Lamlungu loyamba amadzuka m'mamawa ndi kagalimoto kake, kuzungulira Brooklyn ndi Irene, kutola amene angalole. Amakwana anayi kumbuyo akapanikizana. Akafika amandiuza amene watsokomola m'njira. Amayendetsa moipa, koma sindimuuza.

Ndikawerenga zimene tinataya, ndi izi: mipando makumi atatu imene ndinapereka kutchalitchi, ketulo yaikulu imene sitiidzazanso, nyimbo ziwiri zimene achimwenewo okha ankazidziwa mpaka kumapeto, ndi munthu mmodzi amene tikanamufikitsa kuchipatala.