Aphunzitsi a Pitala ndi Chigubu cha Madzi

Ndinali kupeta mpunga Lachiwiri lija pamene alamu anga a Rozi anatulukira kuseri kwa nkhokwe n'kundiuza kuti aphunzitsi a Wilisoni Pitala atisiya. Ndinaika lichero pansi, nkhuku zinachita mwayi. Maliro atatha, akulu a mpingo anati ndilembe za moyo wawo m'kapepala kathuka, poti nyumba zathu ndi zoyandikana. Ine si wolemba, ntchito ikundidikira, ndiye ndinena zimene ndikudziwa basi.

A Pitala anabadwira kwa Kuntumanji, m'banja losauka koma lopemphera. Ali mwana ankaweta mbuzi za eni ake. Mbuzi ikaphedwa, anzawo ankalimbirana chiwindi chootcha, iwo ali tong'o pa za m'kati, kufunsa kuti ichi chimagwira ntchito yanji. Ankafuna ntchito ya kuchipatala, koma bambo awo anachita khungu, ndiye anasankha uphunzitsi kuti azikhala pafupi n'kumawasamala. Sanadandaulepo. Ankati thupi ndi lomwelo, kaya lagona pabedi la chipatala kaya lakhala pabenchi la sukulu.

Kuno anabwera mu 1968, nyanja ya Chilwa itauma. Chaka chomwecho, iwo ali ku kosi ku Zomba, mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira ndi kutsegula m'mimba. Masiku amenewo anthu ankati mwana wotsegula asapatsidwe madzi, angawonjezere matenda. Lamlungu lotsatira a Pitala anali kutsogolo kuyambitsa nyimbo ngati kale. Nkhaniyi sankaikamba, koma amene tinalipo tikudziwa kumene khama lawo linachokera.

Ankaphunzitsa sayansi Sitandade 7 ndi 8. Mabuku anali ochepa, choncho ankapempha mapapo a mbuzi kwa a Alli opha nyama, n'kumawafufumitsa ndi bango, ana akukuwa. Mtsuko wanga anabwereka kuti aonetse kuti umaziziritsa madzi chifukwa umatuluka thukuta ngati munthu. Unabwerako wobenthuka pakamwa. Ndinawauza mawu, iwo anapepesa mpaka ndinatopa nako kupepesako. Ankatenganso ana kusikimu ya mpunga ya Likangala kukaona mageti a ngalande: madzi akachepa m'munda amalowetsa, akachuluka amatulutsa. Ankati impso, khungu ndi mtima zimachita zomwezo osapuma, kuti thupi lisatenthe, lisazizire, lisaume, ndipo palibe amazithokoza, monga palibe amathokoza Mwini wake.

Mavuto anabwera ndi mwana wanga Malita, amene anali m'kalasi mwawo. Achimwene anga a Samsoni, amuna awo a Rozi, ndi asodzi ku Kachulu, ndipo nthawi imeneyo anali mu komiti ya sukulu. Chilimwe chilichonse ankadandaula mutu. Madzi a m'nyanja muja ndi amchere, ndipo asodzi ankangoswera kukhosi kuli gwa, amati kunyamula madzi ndi kwa amayi. Tsiku lina pakhonde pali alendo, apongozi awo omwe alipo, Malita anabweretsa madzi osamba m'manja, anagwada bwinobwino, n'kunena kuti: "Malume, mkodzo wanu ukafiira ngati tiyi, ndiye kuti impso zikupempha madzi. Atero aphunzitsi."

Ine ndinangofuna nthaka indimeze. A Samsoni anakasuma kukomiti kuti a Pitala akuphunzitsa ana zolaula. Masiku amenewo dandaulo lotere likafika ku Zomba, mphunzitsi ankangouzidwa kuti amange katundu, kopita osasankha. Tsono manda a mwana wa a Pitala ali kuno. Ahedi anawanong'oneza kuti alumphe mutu umenewo, aziphunzitsa za masamba a mitengo, nkhani ithe. Anathokoza malangizowo, koma anakana.

Komiti inaitanitsa msonkhano. Tsiku la msonkhanowo a Pitala anayamba alowa m'tchalitchi, kenaka anabwera pansi pa mango pamene makolo tinasonkhana. Anapepesa kwa a Samsoni chifukwa cha malo amene mwana ananenera, nalonjeza kuti ulemu aphunzitsanso. Koma za impso anati: "Mulungu sanachite manyazi pozilenga. Ine ndikachita manyazi pozitchula, ana athu azidwala ali chete."

A Samsoni anaimirira, anakonza kukhosi, n'kuyamba kulongosola za mwambo kuchokera kwa makolo akale. Ali m'kati, a Rozi anafunsa kuchokera kumbali ya amayi, osakweza mawu n'komwe: "Pepani abambo a kunyumba, nanga chigubu chija mumabisa pansi pa ukonde kuyambira tsiku lomwe lija n'cha chiyani? Ndipo mutu uja unapita kuti?"

Anthu anaseka mpaka ahedi anapukuta misozi. A Samsoni anayesa kukwiya, zinakanika, anaseka nawo, nati nkhani ithere pompo. Ku Zomba sikunapite kanthu. Malita ndinam'kalipirabe kunyumba, chifukwa kunena zoona si chifukwa chonenera pamaso pa apongozi. Lero ali pabanja, akuvutitsa apongozi akeake.

Atapuma ntchito a Pitala sanakhale pansi. Ankaphunzitsa Sande Sukulu, ndipo kukamveka mwana wotsegula m'mimba, kaya kwa Mkhristu kaya kwa Msilamu, ankafika ndi ketulo ya madzi owiritsa, othira mchere pang'ono ndi shuga. Ankapemphera mwachidule, n'kukhala pamphasa kumwetsa ndi supuni mpaka mwana akodze. Akakodza ankati Ambuye ayankha.

Lachiwiri lija anapemphera m'mawa monga mwa masiku onse, n'kukhala pampando pakhonde, buku la nyimbo pamiyendo, kapu ya madzi pambali. Mayi Pitala ankayesa akuwodzera. Tinawaika pafupi ndi mwana wawo. Kumanda dzuwa linaswa mtengo, ndipo asodzi a ku Kachulu anabwera ndi zigubu zawo poyera, akugawira anthu. Cha a Samsoni ndiye chinali chachikulu.

Akulu a mpingo anati ndimalize ndi phunziro. Phunziro ndi lomwelo: pempherani, gwirani ntchito imene mwapatsidwa, musachite manyazi ndi zimene Mulungu analenga, ndipo imwani madzi. Mpunga wanga uja ukadali m'dengu ndi mankhusu ake, nkhuku zayambanso kuzungulira. Ndamwa kaye kapu imodzi, ndanyamula lichero.