Felemu yagwera pamkeka wa Yusufu

Salaam aleikum nonse. Tili moyo, musadandaule.

M'mawa uno kuno ku Bua kwadutsa chivomerezi. Ndinali pakhonde kuyamwitsa Yusufu, ndinangomva malata akulira, kenako galasi phwaa m'nyumba. Felemu ya mawu a Kurani ija anatipatsa apongozi inali itagwa, pamkeka penipeni pomwe mwana amagona. Chidutswa china cha galasi chinabaya pilo wake n'kuima chilili.

Paja tinaipachika dala pamenepo kuti mwana azigona pansi pa madalitso. Koma msomali unali umodzi, wongolowa m'dothi la pakati pa njerwa.

Bambo ake a Yusufu atabwera kuchokera kunyanja anati, "Mawu onse alipo, lasweka ndi galasi lokha." Akhoma misomali iwiri yaitali, aipinda ngati mbedza, n'kumangirira felemuyo ndi waya. Ndaigwedeza ndekha, sikusuntha. Galasi sitiikamonso.

Komabe mkeka ndausamutsira pakona popanda chopachika. Amayi, apongozi, kodi ndalakwa? Ine ndikuti madalitso amene amupeza pakhonde lero, pakona sangalephere kufika.