Amayi Ozella Tarver, Amene Palibe pa Chikwangwani

Polowa m'tauni yathu ino ya ku Mississippi pali chikwangwani cha anthu otchuka amene anabadwira kuno: woweruza, wankhonya, ndi woimba uja Thaddeus Varnado. Dzina la Amayi Ozella Tarver palibe, ndipo ife a mpingo wa Mount Pisgah zimatiwawa.

Amayi Ozella anabadwa mu 1931 m'banja lolima thonje pamunda wa eni ake. Sukulu anangoilawa. Koma pofika zaka khumi ndi ziwiri anali atayamba kutsogolera nyimbo mwachikale chathu chija: mmodzi amatchula mzere, mpingo n'kuukoka pang'onopang'ono mpaka uthe. Anatchula mizere zaka makumi asanu ndi limodzi. Mkati mwa sabata ankachapa ndi kusita kwa azungu, kulowera khomo lakuseri. Amuna awo anapsinjidwa ndi thirakitala. Tchalitchi chitawotchedwa mu 1964, Lamulungu lake anatchula mzere ataima paphulusa.

Thaddeus uja Amayi Ozella anamutola ali wamasiye. Anamulera ndi nyemba ndi mkate wa chimanga, namuphunzitsa popumira m'nyimbo. Ankamuuza kuti, "Usathamange, mwanawe. Mulungu sakudikira basi." Mnyamatayo atakula anapita ku Chicago n'kutchuka. Pa wailesi atamufunsa amene anamuphunzitsa, anati, "Palibe, ndinangobadwa nazo." Amayi anamva ali mkati mosita. Anatseka wailesi n'kumaliza malayawo.

"Amayi, inu osakwiya?" anafunsa Dikoni Elbert Mayfield. "Mphaka ameneyu wakulira pambale panu."

"Adikoni, pakamwa apo," anatero Amayi. "Anandilonjeza chinthu chimodzi: pamaliro anga mzere adzatchula ndi iye. Wina aliyense asadzayerekeze, ngakhale inuyo ndi mawu anu a chule aja."

Lonjezo limenelo anakalamba nalo. Maso atasiya kuona, ankamutchulabe m'pemphero tsiku lililonse, ngakhale kuti iye sanapondeko kuno zaka makumi atatu. Anatisiya mwamtendere Lachiwiri m'mawa, ali pampando wawo wa pakhonde, ali ndi zaka 88.

Loweruka tchalitchi chinadzaza, mpando wakutsogolo titamusungira Thaddeus. M'malo mwa iye kunabwera nkhata ya maluwa yaikulu ngati chitseko, dzina lake lili m'zilembo zagolide, ndi uthenga woti ali ndi zoimbaimba kwina. Nthawi ya nyimbo itakwana tinaimirira tonse, maso kwa Dikoni Mayfield.

"Amayi anati Thaddeus yekha," anatero Dikoni, misozi ili mbwembwembwe. "Sindingawaphwanyire mawu ali m'bokosi."

Tinaima chete nthawi yonse imene nyimbo ikanatenga, kenako tinanyamula bokosi. Mayi amene anatiimbitsa moyo wake wonse tinamuika m'manda popanda nyimbo.

Anatisiyira chitsanzo cha kukhulupirika kosayembekezera zikomo, ndipo tikupempha Ambuye atipatse mtima wokhululuka ngati wawo, chifukwa ife sitinafikepo. Chikwangwani chija achipentanso chaka chino.