Maliro a Timu ya ku George

Amene analipo tsiku limenelo ndiwatchula onse, wina asadzati mdala akuwonjezera. Analipo atcheyamani a ligi yathu ya basiketibo, Mbemba wa ku Matero. Analipo mayi wosunga chikwama cha ligi, Mbembanso, wogulitsa salaula, zovala zakaunjika, ku Mandevu. Makochi a ku Chawama, Kanyama, Kalingalinga ndi Mtendere analipo, malifali analipo, ndi mwana wanga, amene amaphunzitsa atsikana athu a ku George, komboni yathu muno mu Lusaka. Kenaka ineyo. Ine sindine kochi ayi, ndine wowotcherera zitsulo, ndipo maringi amene ana onsewa amaponyamo mpira ndinapinda ndine. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikayankhula ku George, ku Lilanda amamva.

Tinakhala m'kalasi pasukulu imene timabwereka bwalo. Atcheyamani anayamba mwaulemu. Akuti asukulu akweza mtengo wa bwalo, malifali akuti mluzu suimbidwa ndi njala, mpira wabwino nawo wakwera. Choncho ndalama yolowera mu ligi yakweranso, ndipo timu yosamaliza kulipira tsiku lomwelo ichoke.

Matimu enawo ali ndi owathandiza, wina mwini bala, wina tchalitchi. Ife atsikana athu makolo awo amagulitsa tomato ndi makala. Tinali titasonkha theka basi.

“George, pepani,” anatero atcheyamani. “Chaka chino mupumuleko.”

Mwana wanga anangowerama. Iyeyu anatengera amayi ake, ndi wofatsa. Ine ndinadzuka, mpando mpaka kugwa.

“Batcheyamani, mukamba kuti timu yafa?”

“Sininakambe kufa, mdala. Nakamba kupumula.”

“Timu yosasewera ni mtembo! Yafa! Ndipo ine mwini maliro nichokera ku Chipata. Manje imwe Babemba mwakhalira chani pa mipando? Simudziwa nchito yanu?”

Amene sanakulire kuno mwina sangamve. Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya: timatukwanana mwanthabwala, wina sakwiya. Koma maliro akagwa kwa ife, ntchito ndi yawo. Amatipaka zoyera kumaso, satisiya mpaka titaponya kenakake m'mbale, ndipo ndalamayo imathandiza pamaliropo. Mbemba wokana zimenezi ndiye kuti sanaleredwe.

Kenaka mayi wachikwama uja anaseka mpaka kugwira tebulo.

“Iwe kadya mbewa, ufuna tikulire?”

“Lirani, bakadya kolwe! Kapena nyani wa dzulo akali pakhosi?”

Mayiyo anamanga chitenje m'chiuno, natola fumbi la choko pansi pa bolodi, n'kundipaka nkhope yonse mpaka m'makutu. Anayamba kulira mokuwa ngati wafedwa zenizeni: “Mayo, George wanga! Wafa osalowetsako na basiketi imodzi!” Limenelo linali bodza, chaka chatha tinawachinya a Matero, timu ya atcheyamaniwo, kwawo komwe, ndipo ndinamukumbutsa pomwepo.

Anatenga chipewa changa kukhala mbale. Ine ndinaponyamo woyamba, ndalama ya makala a kunyumba. Kenaka anayamba kusaka a kum'mawa. Kochi wa ku Chawama, Mnsenga, anafuna kutulukira pakhomo, lifali wina Mbemba n'kumugwira malaya.

“Ine nabadwira mu Lusaka, vamitundu sinividziwa!”

“Batate bako ni ba ku Petauke, ponya!”

Anaponya, ali mbuu ngati mzukwa. Kochi wa ku Kanyama ndi Mtonga, nkhaniyi sinkamukhudza, koma anati sangaonerere maliro chimanjamanja. Anthu amene ankadikira panja, makolo ndi osewera a matimu ena, atamva kulira analowa kudzaona amene wamwalira. Nawonso anapakidwa.

Atcheyamani anayesa kuuma nkhope. “Iyi ni miting'i ya ligi, si nyumba ya maliro.”

“Mbuya,” ndinatero ine, “mtembo uli pakhomo panu. Muusiya unuke?”

Anapukusa mutu, napisa m'thumba, akung'ung'udza kuti anthu a ku Chipata anabwera ndi basi imodzi koma mavuto awo adzaza tauni yonse.

Za m'chipewa sizinakwane, ndisaname. Koma zinafika poti atcheyamani anachita manyazi kutithamangitsa. Anati yotsalayo tizipereka pang'onopang'ono ligi ili mkati, ndipo George isewera.

Ndinakana kusamba. Ndinayenda choncho mpaka kunyumba, woyera ngati khoma la chipatala, aliyense wondifunsa ndikumuuza kuti tachokera kumaliro ndipo malemu asewera Loweruka. Mwana wanga ankayenda kumbuyo pang'ono, ngati sakundidziwa. Titafika pa geti anandigwira phewa, akuseka.

“Batate, zikomo. Koma chaka chamawa bakakwezanso, mukapeze nzeru ina. Timu siingafe kawiri.”